Envulopu ya ndalama zakale za ku China: yankho kwa m'bale wa ku Johannesburg

M'bale wina amene amagwira ntchito ku Johannesburg wanditumizira imelo yokhala ndi zithunzi zisanu. Akuti Lamlungu lina akuzungulira pa msika wa zinthu zakale anapeza mkulu wina akugulitsa ndalama zamapepala za ku China, ndipo anagula envulopu yonse atauzidwa kuti muli chuma. Imodzi ndi yaitali choimirira, yolembedwa "The Central Bank of China" ndi "Shanghai, 1930". Ina ili ndi nambala 100,000 ndi nkhope ya bambo wadazi wovala zausilikali. Yachitatu ili ndi mayi akuyendetsa thirakitala. Yachinayi ndi chipepala chachikulu chofiirira chimene wogulitsayo ankalumbira kuti chatha zaka 600, ndipo yomaliza ndi yowala mitundumitundu, yolembedwa "Hell Bank Note". Akufunsa ngati n'zenizeni, ngati zingagulidwe ndalama zambiri, ngati banki ingazisinthe, komanso kuti munthu wofuna kumasonkhanitsa ndalama zoterezi ayambire pati.

Achimwene, za kubanki iwalani. Palibe imodzi mwa zisanuzi imene banki ingalandire lero, kaya ku Johannesburg kaya ku Beijing komweko. Amene angakupatseni ndalama ndi wosonkhanitsa mnzanu basi, ndipo iye sayang'ana kuti pepalalo latha zaka zingati kapena lili ndi ziro zingati. Iye amafunsa kuti mapepala ngati amenewa atsala angati padziko, ndipo lanulo lasungidwa bwanji.

Ya "Hell Bank Note" ija sinakhalepo ndalama. Ndi mapepala amene mabanja achi China amaotcha pa maliro ndi pa mwambo wa Qingming, pamene amapita kukasesa kumanda, poganiza kuti akutumizira makolo awo zogulira zinthu kumene aliko. Nkhope ya mfumu yovala chisoti chamikanda imene ili pamenepo ndi ya Jade Emperor, mfumu ya kumwamba m'chikhulupiriro chawo. Amagulitsa m'mitolo pa mtengo wa masiwiti. Isungeni ngati ikukusangalatsani, koma musadzapatse mnzanu wachi China ngati mphatso. Kwa iwo ndi chinthu cha akufa, ndipo akhoza kukhumudwa.

Yaitali choimirira ija ndiyo ndaikonda. Imatchedwa Customs Gold Unit, ndipo mwina ndi yeniyeni, chifukwa ndi zambiri moti anthu achinyengo sadzivutitsa nazo kwenikweni. Nkhopeyo ndi ya Sun Yat-sen, mtsogoleri amene amatengedwa ngati tate wa dziko limene linabadwa ufumu wa Qing utagwa mu 1912. Mukaitembenuza muona nyumba yaitali ya wotchi pamwamba: ndi nyumba ya kasitomu ya ku Shanghai, imene ilipobe mpaka lero m'mphepete mwa mtsinje wa Huangpu. Anasindikiza ndi a American Bank Note Company a ku New York. Yendetsani chikhadabo pang'onopang'ono pa chovala cha Sun Yat-sen. Mumva timizere tokwera, chifukwa chithunzicho anachigoba pa chitsulo ndipo inki inakhala yotumphuka pamwamba pa pepala. Mukaika galasi lokulitsa zinthu muona kuti nkhope yonse inapangidwa ndi mizere yosaduka, yopyapyala ngati tsitsi. Yokopera pa makina imaoneka timadonthotimadontho, ndipo ndi yosalala.

Koma chaka cha 1930 chija chisakunyengeni. Ndalama zimenezi anazipanga poyamba kuti amalonda azilipirira msonkho wa katundu wolowa m'dziko, osati zogulira mpunga pamsika. Mu 1942, nkhondo ndi Japan ili mkati, boma linazitulutsa kuti aliyense azigwiritsa ntchito, imodzi ikufanana ndi 20 yuan ya ndalama wamba, ndipo anapitiriza kusindikiza zambirimbiri chaka chili chomwecho cha 1930. Ndiye pepala lanulo likhoza kukhala la m'ma 1940. Mtengo wake ndi madola ochepa chabe a ku America, pokhapokha likhale losapindidwa n'komwe.

Kuti mumvetse ya 100,000 ija tibwerere m'mbuyo pang'ono. Kwa zaka mazana anthu a ku China ankadalira siliva. Mu 1934 dziko la America linayamba kugula siliva wambiri pa mtengo wokwera, siliva n'kuyamba kutuluka m'China, malonda n'kuuma. Mu November 1935 boma la Chiang Kai-shek linasiya siliva n'kukhazikitsa ndalama zamapepala zotchedwa fabi, zimene ankatulutsa ndi Central Bank of China, Bank of China ndi Bank of Communications, kenako n'kuwonjezerapo Farmers Bank of China. Zinayenda bwino zaka ziwiri. Mu 1937 Japan inalowa ndi nkhondo, boma linathawira ku Chongqing, madoko amene ankabweretsa msonkho n'kugwa m'manja mwa adani. Chotsala chinali kusindikiza. Nkhondo ya Japan itatha mu 1945 panabuka ina ya pachiweniweni ndi achikomyunizimu, makina osindikizira osapuma.

Pa 19 August 1948 boma linabweretsa ndalama yatsopano, gold yuan, imodzi kusinthana ndi fabi 3,000,000. Anthu analamulidwa kupereka golide, siliva ndi ndalama zakunja zimene anasunga kuti apatsidwe mapepala atsopanowo. Mwana wa Chiang, Chiang Ching-kuo, anatumizidwa ku Shanghai kukamanga amalonda okweza mitengo. Sipanathe miyezi itatu, zonse zinagwa. Pofika mu 1949 panali mapepala a 100,000, a 500,000 mpaka a 1,000,000, ndipo amene anamvera lamulo n'kupereka golide wawo anatsala ndi milu ya mapepala. Bambo wadazi uja ndi Chiang Kai-shek mwini wake. Abale athu a ku Harare ndi Bulawayo amene anaona ndalama ya ku Zimbabwe ikugwa mphamvu mu 2008 sangafune kuwafotokozera zambiri.

Ndiye ziro zimenezo zikusonyeza kuti ndalamayo inali itafa kale. Anthu sanaisinthe, sanaiwononge, inangotsala m'mabokosi, n'chifukwa chake lero ikupezeka ngakhale pa msika wa ku Johannesburg. Komabe ilipo ina ya nthawi yomweyo imene ndi yodula: ya 6,000,000,000 yuan imene banki ya chigawo cha Xinjiang inatulutsa mu 1949. Imeneyo inayenda masiku ochepa kwambiri ndipo zotsala n'zowerengeka. Zabodza zake ndiye mbwee.

Tsopano chipepala chachikulu chija. Pepani achimwene, apa ndikuganiza kuti anakudyerani masuku pamutu. Chimene akuyesa kutsanzira ndi ndalama ya ufumu wa Ming, Da Ming Tongxing Baochao, imene mfumu Hongwu inayambitsa mu 1375. Yeniyeni ya 1 guan ndi yaikulu ndithu, pafupifupi masentimita 34 m'litali ndi 22 m'lifupi, kuposa pepala la A4. Anaipanga ndi makungwa a mtengo wa mabulosi, ndipo mtundu wake ndi wotuwa modera, wopita ku buluu, ulusi wa makungwa ukuoneka, ukaigwira ili yofewa ngati nsalu yakale. M'mbali mwake muli zinjoka. Pakati anajambulapo zingwe khumi za makobidi amkuwa obooka pakati, kuti ngakhale wosadziwa kuwerenga aone kuti pepala limeneli ndi makobidi 1,000. Pamwamba pake anadindapo zidindo zofiira zikuluzikulu. Ndipo m'munsi muli chenjezo loopsa: wopanga ndalama yabodza adulidwa mutu, woulula apatsidwa mataelo 250 a siliva pamodzi ndi katundu yense wa wolakwayo. Taelo imodzi ndi magalamu pafupifupi 37, ndiye werengerani nokha.

Chanu n'chofiirira ngati chonyikidwa mu tiyi, chosalala, ndipo mwanena nokha kuti mkuluyo anali nazo zina zofanana ndendende pansi pa tebulo. Zenizeni zimagulitsidwa pa okushoni zikuluzikulu pa madola masauzande, nthawi zina masauzande makumi, imodziimodzi, mbiri yake ikudziwika. Ku British Museum ku London kuli imodzi. Mu 2016 akatswiri a nyumba ya okushoni ya Mossgreen ku Australia anapeza ina itapindidwa m'kati mwa mutu wa chiboliboli chamtengo cha chipembedzo cha Buddha. Umu ndi mmene zinapulumukira zambiri: zobisika m'ziboliboli ndi m'makoma, osati m'matumba a anthu.

Kanthu kena kamene osonkhanitsa amayang'ana pa ya Ming: zonse zimalembedwa dzina la ulamuliro wa Hongwu, ngakhale zimene zinasindikizidwa iye atamwalira mu 1398, ndiye chaka chenicheni simungachidziwe. Chimene chimathandiza ndi dzina la ofesi imene inatulutsa. Zoyambirira zimatchula Zhongshu Sheng, ofesi ya nduna yaikulu, imene Hongwu anaithetsa mu 1380 atapha nduna yake Hu Weiyong. Zotsatira zonse zimatchula Hubu, unduna wa zachuma, ndipo zambiri zimene zilipo ndi zimenezi. Nazonso zinathera kugwa mphamvu, chifukwa boma linkangosindikiza osalola kuti munthu abweze pepala n'kulandira siliva. Pofika pakati pa zaka za m'ma 1400 anthu anali atabwerera ku siliva ndi mkuwa.

Wina akadzakuonetsani pepala n'kunena kuti ndi jiaozi, ndalama yoyamba yamapepala padziko lonse, mungomuseka. Jiaozi inayambira ku Chengdu m'chigawo cha Sichuan nthawi ya ufumu wa Song. Kumeneko makobidi anali achitsulo, olemera moti kugula nsalu ya silika kunkafuna wonyamula, ndiye amalonda anayamba kusungitsa makobidiwo n'kumayenda ndi malisiti. Boma linalanda ntchitoyo mu 1023 ndipo linatulutsa zake mu 1024. Koma palibe jiaozi yeniyeni imene inapezekapo ndi imodzi yomwe. Za ufumu wa Yuan, zimene mlendo wa ku Ulaya Marco Polo anadabwa nazo kwa mfumu Kublai Khan, zilipo zochepa ndipo zambiri zili m'nyumba zosungiramo zakale. Za Qing za mu 1853, zimene mfumu Xianfeng inatulutsa posowa ndalama zomenyera zigawenga za Taiping, zimapezeka pa okushoni, zokongola ndi zidindo zodulidwa theka m'mphepete, theka linalo linkatsala m'kaundula wa boma. Zonsezi si zoyambira munthu watsopano.

Mayi wa pa thirakitala ndi 1 yuan ya chaka cha 1960, ya gulu lachitatu la renminbi, ndalama ya boma lachikomyunizimu. Anthu ambiri amati chithunzicho anatengera Liang Jun wa ku Heilongjiang, mmodzi mwa amayi oyamba kuyendetsa thirakitala m'dzikomo, amene anamwalira mu January 2020. Kumbuyo kuli nkhosa ku busa. Mapepala ambiri a gululi ndi a anthu ogwira ntchito: pa 2 yuan pali wosula zitsulo pa makina, pa 5 yuan wosungunula chitsulo m'ng'anjo, pa 10 yuan gulu la nthumwi za anthu. Zinasiya kugwira ntchito pa 1 July 2000. Kwa ine 5 yuan ija ndi imodzi mwa ndalama zojambulidwa bwino koposa m'zaka za m'ma 1900; ukaiyang'ana umachita kumva kutentha kwa ng'anjo. Ambiri amadabwa kuti Mao Zedong palibepo. Iye anayamba kuoneka pa 100 yuan ya gulu lachinayi, pamodzi ndi atsogoleri anzake Zhou Enlai, Liu Shaoqi ndi Zhu De, ndipo kukhala yekha pa mapepala onse kunayamba ndi gulu la 1999.

Chodabwitsa n'chakuti ndalama zodula kwambiri za ku China zambiri zili m'magulu a renminbi amenewa, achichepere poyerekeza ndi za Ming. People's Bank of China, banki imene imatulutsa renminbi, inakhazikitsidwa pa 1 December 1948 ku Shijiazhuang, nkhondo isanathe, ndipo gulu loyamba linali ndi mitundu 62 ya mapepala, kuyambira 1 yuan mpaka 50,000, osindikizidwa m'malo osiyanasiyana pa mapepala osalimba. Mu 1955 boma linasintha ndalama, 10,000 yakale kukhala 1 yuan yatsopano, ndipo anthu anakabweza zakalezo. Ndani akanasunga ndalama imene ikanamugulira chakudya? Choncho 10,000 yuan ya 1951 ya abusa a mahatchi, imene ili ndi zilembo zachi Mongolia kumbuyo ndipo inayenda kwambiri ku Inner Mongolia, yagulidwapo mamiliyoni a yuan pa okushoni.

Nkhani ya gulu lachiwiri ndi yandale. Mapepala a 3, 5 ndi 10 yuan anasindikizidwa ku Soviet Union pamene maiko awiriwa anali pa ubwenzi. Ubwenzi utatha, a ku Beijing anaopa kuti zipangizo zosindikizira zili m'manja mwa ena, ndiye mu 1964 analamula kuti mapepala onsewo abwezedwe m'nthawi yochepa. Imene inapulumuka ndi ya woiwala m'buku kapena wolimba mtima. Ya 10 yuan, yaikulu yakuda, osonkhanitsa amaitcha da hei shi, ndipo yabwinobwino mtengo wake ndi wa galimoto. Ngakhale kandalama kakang'ono ka gulu lachitatu, ka 1 jiao ka 1962 (ma jiao khumi ndi 1 yuan), kali ndi mtundu wina wa msana wobiriwira, umene unachotsedwa msanga chifukwa anthu ankausokoneza ndi 2 jiao. Kameneko n'kodula kuposa mapepala ambiri a zaka 100.

Nanga muyambire pati? Ine ndingakulangizeni nthawi ya pakati pa 1912 ndi 1949. Ndi yotsika mtengo, zenizeni n'zambiri, ndipo nkhani zake sizitha. Mabanki otulutsa ndalama anali ochuluka zedi: a boma, a zigawo, a akuluakulu a nkhondo, a kunja monga Hongkong and Shanghai Banking Corporation ndi Deutsch-Asiatische Bank, ngakhale masitolo a m'tauni. Mapepala a Bank of Communications a 1914, ena okhala ndi sitima ya pamtunda ya malasha, amadindidwa dzina la mzinda, SHANGHAI kapena TIENTSIN kapena CHUNGKING, ndipo pepala lomwelo likhoza kukhala wamba ndi dzina ili, losowa ndi dzina linalo. Osindikiza anali odziwika: American Bank Note Company, Thomas De La Rue ndi Waterlow & Sons a ku England, Chung Hwa Book Company a kwawo komweko. Dzina lawo limakhala m'munsimunsi, m'tizilembo tating'ono. Palinso mabanki amene Japan inakhazikitsa m'madera amene inalanda, monga Federal Reserve Bank of China mu 1938 ndi Central Reserve Bank of China mu 1941. Pa 200 yuan ya 1944 ya banki yachiwiriyi osonkhanitsa amaloza tizilembo U, S, A ndi C tobisika m'maluwa a m'mbali, ndipo amati wogoba anabisa dala uthenga wakuti asilikali a ku America akubwera. Kaya ndi zoona kaya ndi nthano ya osonkhanitsa, tizilembo timeneto timaonekadi pa galasi. Ndiponso achikomyunizimu a ku Sichuan ndi Shaanxi mu 1933 anasindikizapo ndalama pa nsalu, mapepala atasowa.

Simuyenera kudziwa chinenero chonse kuti muwerenge ndalama. Pa mapepala a nthawi imeneyo zilembo zopingasa zimawerengedwa kuchokera kumanja kupita kumanzere. Chaka chimawerengedwa kuyambira pamene ufumu unagwa, ndiye muziwonjezera 1911. Mukaona 民國 kenako 三十八年, chimenecho ndi chaka cha 38, kutanthauza 1949. Ku Taiwan akuwerengabe choncho mpaka lero. Manambala a mtengo amalembedwa m'zilembo zovuta dala kuti munthu asawonjezere kamzere: 壹 ndi 1, 伍 ndi 5, 拾 ndi 10, 佰 ndi 100, 仟 ndi 1,000, 萬 ndi 10,000, ndipo 圓 ndi yuan. Zimenezi kuwonjezera mayina a mabanki anayi aja, mwatha kuwerenga theka la zimene mungakumane nazo. Ogulitsa enieni amatchulanso nambala ya Pick, imene pepala lililonse lili nayo m'kaundula wa ndalama zamapepala za dziko lonse. Mukailemba pa intaneti muona zithunzi za lenileni ndi mitengo imene anthu anagulira. Muziyang'ana mtengo umene chinthu chinagulidwa, osati umene wogulitsa akulota.

Kaonekedwe ka pepala kamasintha mtengo mwina kakhumi. Makampani monga PMG amayesa pepala n'kulipatsa nambala kuyambira 1 mpaka 70, kenako n'kulitsekera m'pulasitiki. Chilichonse chodula musagule chisanayesedwe choncho, ndipo nambala ya chiphaso chimene chili pa pulasitikiyo muitsimikize pa tsamba lawo, chifukwa achinyengo amakoperanso pulasitikiyo. Ogula a ku China amakondanso manambala a pepala okhala ndi 8 wambiri ndipo amapewa 4.

Kasungidwe ndi kumene ambiri timaonongera. Musasite ndi simbi, musachape, musamate selotepu, ndipo chonde musapite nazo kokalamineta. Pepala lolaminetedwa kwa wosonkhanitsa ndi lakufa. Gulani timatumba ta Mylar kapena pulasitiki ina yopanda PVC, chifukwa pulasitiki yofewa ya ma alubamu a zithunzi imatulutsa mafuta amene amadya inki. Ikani pamalo pouma, posafika dzuwa. Mukadzabwera nazo kumudzi nthawi ya dzinja, kumbukirani chinyezi, chiswe ndi njenjete: sutikesi ya pansi pa bedi si malo ake.

Muli ndi mnzanu amene amapita ku Guangzhou kukaoda katundu, mwatero, ndipo mukufuna azikugulirani. Za renminbi za gulu lachitatu ndi lachinayi akhoza kupeza m'misika ya osonkhanitsa masitampu ndi ndalama, koma pa matebulo a alendo odzaona malo zambiri n'zokopera, ndipo mpukutu wonse wa gulu loyamba wogulitsidwa m'kabuku kokongola pa mtengo wa nsapato ndi wabodza, osafunsanso. Komanso malamulo a ku China saloleza kutulutsa m'dziko zinthu zakale za chaka cha 1911 chisanafike, ndipo zina za 1949 isanafike zimafuna chilolezo. Musamuike mnzanuyo m'mavuto pa bwalo la ndege.

Pa zisanu zanuzo, imene ikhoza kubweza ndalama imene munataya ndi ya mayi wa thirakitala, ngati ilibe mapindo ambiri. Ili ndi mitundu iwiri ya watermark, tizithunzi ta m'kati mwa pepala timene timaoneka kuwala kukadutsa. Iimikeni pa windo masana, kuwala kukudutsa m'pepala. Mukaona nyenyezi zokhazokha, ndi mtundu wamba. Mukaona nyenyezi zosakanikirana ndi tizithunzi ta makobidi akale ooneka ngati fosholo ya miyendo iwiri, muli ndi mtundu wosowerapo, ndipo mtengo wake ndi wokwera kangapo. Ijambuleni ili pa windopo, mujambulenso nambala yake ndi zilembo zachiroma zimene zili kutsogolo kwa nambalayo, munditumizire tione.